GALIMOTO M'MADZI OSEFUKIRA

Mzinda wa Lusaka uli pamalo athyathyathya, pamwamba pa thanthwe. Motero m'dzinja madzi amaima m'miseu ya ku Kamwala. Mu 1978 anagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama.

Injini ya galimoto imapuma mpweya monga munthu. Ikamwa madzi imazima, pakuti madzi sapanikizika monga mpweya. Woyendetsa akaumirira kuiliza, zitsulo zokankha mapisitoni zimapindika, ndipo injini imaonongeka. Wanzeru amaikoka kunka nayo kwa makanika. Iyeyo amacotsa mapulagi, natulutsa madzi, nasintha oilo amene wayera ngati mkaka.

Ana inu, kumbukirani: kuona maso a nkhono n'kudekha.

MAFUNSO
1. Cifukwa ninji injini imazima m'madzi?
2. Kodi makanika amacitanji?