KATEMERA AMAYAMBA MWANA ASANABADWE

Anzanga, ambiri a ife tili ndi amayi, achemwali kapena azakhali oyembekezera. Chimene ndaona kuno ku Chembe n'chakuti nkhani ya katemera imagamulidwa mwana akadali m'mimba. Mayi woyamba sikelo msanga amamva uphungu wa anamwino, amabayitsa katemera wa kafumbata yemwe amatetezanso khandalo, ndipo akachira, njira ya kusikelo amakhala atayizolowera. Koma amene wayamba kumva za kunyanja kotsuka mbale, zoti eti jakisoni amatseka kubereka, amayamba kukayika mwana asanaoneke n'komwe.

Kodi katemera n'chiyani? Ndi kachirombo kofooketsedwa, kophedwa, kapena kachidutswa kake chabe. Akalowa m'thupi, asilikali a m'thupi amamudziwiratu mdani, ndiye matenda enieni akabwera amapeza thupi lili tcheru. N'chifukwa chake mwana akabayidwa nthawi zina amatentha thupi pang'ono kapena kutupa pobayidwapo. Zimenezi zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Zikapitirira, kuchipatala basi.

Ndondomeko yake ndi iyi, koperani m'kope:

1. Pobadwa: BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, ndi madontho a poliyo. Kachipsera kali pamkono panupo ndi ka BCG.
2. Masabata 6, 10 ndi 14: wa chifuwa chokoka mtima, kafumbata, matenda a chiwindi, chibayo ndi poliyo. Wa kutsegula m'mimba amayambanso pa masabata 6.
3. Miyezi 5, 6, 7 ndi 22: wa malungo.
4. Miyezi 9 ndi 15: wa chikuku.

Wa malungoyu tizimunyadira. Dziko la Malawi ndi limene linayamba kumupereka kusikelo mu April 2019, kenako Ghana ndi Kenya, ndipo Mangochi anali m'gulu la maboma oyambirira. Komabe salowa m'malo mwa neti, udzudzu wa kunyanja kuno mukuudziwa.

Ena amati, matendawa sitikuwaona bwanji? Sitikuwaona chifukwa ana ambiri anabayitsa. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno, ena n'kumwalira. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka 30 matendawa asanaoneke, ndipo kachiromboko kanali ka mtundu wopezeka ku Pakistan. Poliyo akapuwalitsa mwendo, palibe mankhwala obwezeretsa.

Vuto lina kwathu kuno si kukana ayi, koma kusagwirizana. Bambo ali panyanja kusaka usipa, mayi akuyanika nsomba pathandala, agogo akuti dikirani kaye, tsiku n'kudutsa. Mimba ndi ya anthu awiri. Bambo akaperekeza mkazi wake kusikelo amadzimvera yekha, ndipo zonena za pagombe sizimugwedeza.

Nanga ife ana asukulu? Kuwerenga timatha. Ndikupempha kuti sabata ino aliyense atenge kabuku ka kusikelo ka mwana wa pakhomo pawo, aone tsiku lobwerera, awakumbutse makolo. Ngati mwana anaphonya, asachite manyazi, alangizi a zaumoyo amapitiriza pamene analekezera. Ngati pali woyembekezera, muwerengereni ndondomekoyi mwaulemu, bambo a mwanayo ali pomwepo. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe: wobayitsa amatetezanso khanda la pakhomo loyandikana lomwe silinafike msinkhu wobayitsa.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 3