Maungu ndi Mbatata ya Kachewere: Zisiyana Bwanji M'thupi?

Aliyense wodutsa pa Lizulu kapena kukafika ku Tsangano m'boma la Ntcheu amaona milu ya mbatata ya kachewere ili mbwee m'mbali mwa msewu. Mbewuyi imakonda malo ozizira a kumapiri, ndipo mabanja ambiri amapeza nayo ndalama ndi chakudya. M'minda ya chimanga nawonso maungu amayanga, nakhwima dzinja likamatha. Amayi ambiri ayesa kuti zakudya ziwirizi n'zofanana popeza zonse zikhutitsa. Koma ntchito yake m'thupi ndi yosiyana.

Mbatata ya kachewere ili m'gulu la zakudya zokhutitsa, pamodzi ndi nsima, mpunga ndi chinangwa. Magalamu 100 a mbatata yophika apatsa thupi mphamvu yokwana pafupifupi makalori 87, pamene maungu ophika olemera chimodzimodzi apatsa makalori a pakati pa 20 ndi 40 basi, chifukwa mbali yaikulu ya dzungu ndi madzi. Mbatata ilinso ndi vitamini C, amene athandiza mabala kupola ndi nkhama kulimba. Vitamini ameneyu amasungunukira m'madzi. Choncho mbatata iyenera kutsukidwa bwino ndi kuphikidwa ndi makoko ake, m'madzi ochepa.

Maungu ali m'gulu la zamasamba. Chuma chake chagona mu mtundu wachikasu wa m'kati mwake, umene thupi limausandutsa vitamini A. Dzungu lofiirira kwambiri m'kati ndilo lili ndi vitamini wochuluka, pamene m'mbatata ya kachewere muli pafupifupi mopanda vitamini A. Mwana wosowa vitamini ameneyu ayamba kusaona bwino kukada, maso ake auma, ndipo chikuku kapena kutsekula m'mimba zikamugwira zimufooketsa koposa. Matendawa akakula, mwana atha kuchita khungu. N'chifukwa chake ku sikelo ana a miyezi 6 mpaka 59 alandira vitamini A miyezi 6 iliyonse.

Tsono mwana wodya mbatata yokhayokha akhuta ndithu, koma maso ake ndi chitetezo cha thupi lake zisowa chothandiza. Mwana wodya maungu okhaokha adzaza kamimba kake kakang'ono asanapeze mphamvu yokwanira, ndipo mzere wa pa khadi lake la sikelo uleka kukwera. Nzeru yake ndi kuphatikiza.

Mayi aphike mbatata ndi maungu, azikanye pamodzi, ndi kuthiramo nsinjiro kapena supuni ya mafuta ophikira, monga achitira pokonza futali. Mafutawo ndi ofunika, pakuti vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Nsinjiro, nyemba, dzira kapena usipa wosinja ziwonjezera chakudya chomanga thupi, chimene m'maungu ndi m'mbatata muli chochepa. Chakudya chotere chiyenera mwana amene wakwanitsa miyezi 6, uku akupitiriza kuyamwa. Nkhwani ndi nthanga za maungu zisatayidwe, pakuti nazonso zili ndi ayironi wothandiza magazi.

Pali chenjezo limodzi. Mbatata ikakhalitsa padzuwa imasanduka yobiriwira, ndipo pobiriwirapo ndi pa mphukira pamakhala poizoni amene samatha ndi kuphika. Malo otero adulidwe ndi kutayidwa. Mbatata yobiriwira kwambiri kapena yowawa isadyedwe konse. Mbatata isungidwe pamalo a mdima, ouma ndi opita mphepo. Maungu okhwima bwino, othyoledwa ndi kampesi kake, atha kusungika miyezi ingapo pamthunzi.

Odwala matenda a shuga achepetse mbatata, makamaka chipisi, ndi kuchulutsa zamasamba monga awalangizira achipatala. Mayi amene aona kuti mwana wake akupunthwa madzulo, kapena sakukwera sikelo, asadikire tsiku la sikelo lotsatira: apite naye kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala msanga.