Laputopu ikakana kuyaka, yambirani kukhoma

Achinyamata inu a kuno ku Dedza, amene laputopu ndi khasu lanu kusukulu, kuntchito kapena pakabizinesi kobena nyimbo, tsiku lina mudzadina batani koma sikirini idzangoti bii. Woyamba kumufunsa adzakuyankhani kuti "bodi yapsa". Mawu amenewa amatuluka msanga pakamwa, ndipo aluzitsa anthu ndalama zambiri. Malaputopu ambiri amene adutsa m'manja mwanga eni ake atataya kale mtima, vuto lawo linali kunja, mkati muli bwinobwino.

Mlimi wa kachewere ku Bembeke, madzi akaleka kufika m'dimba, sazula mbewu. Amatsata ngalande kuyambira kumtsinje mpaka apeze pamene yatsekeka. Inunso tsatani moto kuyambira kukhoma.

Lumikizani foni kapena ayironi pa soketi yomweyo, muone ngati moto ulipo. Chotsani ekisitenshoni, chifukwa zotchipa zija zimafa bowo limodzilimodzi mwakachetechete. Kenako pulagi. Mapulagi athu a mano atatu ali ndi kafyuzi mkati, ndipo kafyuzi kameneka kakapsa chaja yonse imaoneka yakufa. Gulani kena kofanana nambala. Chonde musakulunge waya kapena pepala la siliva m'malo mwake, chifukwa kafyuziko kanaikidwa kuti kazifa m'malo mwa nyumba yanu. Malaputopu obwera ndi abale a ku Joni amakhala ndi pulagi ya mano obulungira, ndipo olowera ku Calomue nthawi zambiri amakhala ndi ya mano awiri. Anthu amakanikiza pulagi yotere ndi kamtengo, imagwira mogwedera, kumathetheka timoto, chaja n'kumafa pang'onopang'ono. Sinthani chingwe chonsecho, si chodula.

Pa chaja ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Itembenuzeni, muwerenge timalemba tating'ono. Ambiri a HP ndi Dell amafuna 19.5V, ambiri a Lenovo 20V, ndipo mphamvu imakhala 45W, 65W kapena 90W. Nambala ya V iyenera kufanana ndi yolembedwa kunsi kwa laputopu. Ya W ikhoza kuposa, koma isachepe. Kungoti mutu walowa sikutanthauza kuti chaja ndi yake. Suzumirani m'kati mwa mutu wa chaja ya Dell kapena HP, muona kasingano pakati. Kameneko ndiko kamauza laputopu kuti chajayi ndi ya mphamvu yotani. Kakapindika kapena kuthyoka, laputopu ikhoza kuyaka ndithu koma batire osatchaja, mwini wake n'kukagula batire yatsopano pachabe. Pindani chingwe pang'onopang'ono pafupi ndi mutu ndi pafupi ndi kabokosi, mukuyang'ana kanyale kosonyeza kuti moto ukulowa. Kakamayaka n'kumathima, waya waduka mkati, ndipo zimenezi zimayamba ndi chizolowezi chokulunga chingwe mothinitsa pothamangira minibasi. Bwerekani chaja yofanana kwa mnzanu musanagule ina.

Laputopu ikakanabe, zulani chaja, fulashi, mausi ndi china chilichonse. Ngati batire ndi yochotseka, ichotseni. Dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30, kenako lumikizani chaja yokha n'kuyatsa. Njira imeneyi yadzutsa malaputopu ambiri, ndipo siilira ngakhale tambala. Ikayaka popanda batire koma n'kukananso mukaibwezera, mwadziwa kuti wolakwa ndi batireyo.

Mvetseraninso ndi khutu. Fani ikamazungulira ndipo kanyale ka Caps Lock kakamayankha mukadina, makina ali moyo. Walitsani tochi ya foni pa sikirini mopendeka; mukaona zithunzi mwa mbuu, chafa ndi chowalitsa sikirini basi.

Tsono kuno kwathu kuli adani awiri amene muyenera kuwadziwa. Woyamba ndi chinyezi. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July nkhungu imanyowetsa chilichonse. Laputopu imene yayenda m'chikwama pa kabaza m'mawa kuchokera ku Chongoni ikalowa m'chipinda chofunda, imachita thukuta mkati. Musaiyatse pomwepo. Idikireni ola limodzi, ndipo musaiyandikize pa mbaula kuti iume msanga, pakuti batire ya lithium siigwirizana ndi moto. Mdani wachiwiri ndi magetsi obwerera. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi 130MW, ndipo magetsi ankathima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Nthawi imeneyo machaja anatha kupsa chifukwa chosiyidwa pa soketi. Magetsi akathima zulani chaja, akabwera dikirani mphindi zingapo. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, chimodzimodzi. Jenereta ya pa barbershop imene mawu ake amakwera n'kumatsika, ndi invata yotchipa ya sola imene imaliritsa chaja ngati njuchi, muzizipewa.

Pali pamene muyenera kulekera. Mukamva fungo la kupsa, mukaona kuti pansi pa laputopu patupa kapena malo oyendetsera chala atukuka, batire yafufuma. Musaitchajenso, musaiboole, musaikanikize. Ikani laputopuyo pa simenti, kutali ndi mphasa ndi zofunda, kenako mupite nayo kwa mmisiri. Ndimamva chisoni ndikaona mwana wasukulu atamasula tizomangira tonse ndi mpeni wa kukhitchini, n'kudula kariboni ka kiyibodi, pamene vuto linali chingwe.

Kwa mmisiri, kaya pa boma pompano kaya ku Lilongwe, pitani ndi chaja yanu, ndipo mufotokoze zonse zimene mwayesa kale. Mupempheni ayeze chajayo ndi mita inu mukuona. Ayang'anenso kabowo kolowetsa chaja, popeza kamamasuka ndipo kamakonzeka pamtengo wochepa, achotse RAM n'kuibwezeranso. Lembani nambala ya laputopu yanu musanaisiye, ndipo mugwirizane kuti chilichonse chimene asinthe akupatseni chakalecho. Ngati bodi yapsadi, mafayilo anu nthawi zambiri amakhala akadalipo pa hard disk. Muuzeni aichotse, muyambe mwakopera ntchito yanu yasukulu musanakambirane za mtengo wa bodi ina.