Dzanja Likaleka Kumva

Munthu akaponda khala la moto, kapena akagwira chikho cha madzi ozizira, amayesa kuti khungu ndilo lazindikira. Koma khungu ndi mthenga chabe, wotumiza mawu kudzera m'mitsempha yokwera ndi msana kufikira ku ubongo, kumene kuli mfumu yomasulira uthengawo. Mitsempha imeneyi imapingasana panjira, kotero kuti mbali ya kumanzere ya ubongo imamva za kumanja kwa thupi, ndipo ya kumanja imamva za kumanzere.

M'zaka za m'ma 1930, dokotala Wilder Penfield wa ku Montreal, m'dziko la Canada, pochita opaleshoni odwala ali maso, anapeza kuti chiwalo chilichonse chili ndi malo ake mu ubongo, ndi kuti manja ndi milomo zinalandira gawo lalikulu koposa msana ndi miyendo.

Tsono malo amenewa akavulala, kaya pa ngozi ya pamsewu, kaya ndi sitiroko, pamene mtsempha wa magazi watsekeka kapena kuphulika m'mutu, dzanja limaoneka langwiro, lopanda bala, koma uthenga wake usowa woulandira. Wina amachita dzanzi. Wina sasiyanitsa kutentha ndi kuzizira. Wina nsalu yofewa imamuwawa. Winanso mukamuika kiyi m'manja iye atatsinzina, amadziwa kuti wagwira kanthu, koma sangatchule chimene wagwiracho. Umenewu si ufiti, abale, kapena ulesi wa wodwalayo. Bala lili m'mutu.

Popeza ululu ndiwo umatichenjeza, munthu wotere angapse osadziwa. Chifukwa chake madzi osamba muyambe mwawayesa ndinu, asakhale pafupi ndi mbaula, ndipo tsiku ndi tsiku muyang'ane khungu lake ngati latuluka zilonda. Dzanzi la mbali imodzi likabwera mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Chiyembekezo chilipo, pakuti ubongo umatha kuphunziranso. Potsata malangizo a kuchipatala, wodwala azigwira mchenga, chimanga ndi thonje, poyamba akupenya, pambuyo pake atatsinzina. Ndipo ngakhale kusintha kuchedwe, inu omusamala musataye mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso
1. Kodi uthenga wa pakhungu umadzera kuti popita ku ubongo?
2. Ubongo ukavulala kumanzere, ndi mbali iti ya thupi imene imachita dzanzi?
3. Tingamuteteze bwanji wodwala kuti asapse?