Pamwamba pooneka bwino, pansi pali mafuta

Kampani ya Shell inasiya kupopa mafuta ku Ogoniland, kumwera kwa Nigeria, mu 1993, eni nthaka atakwiya motsogozedwa ndi Ken Saro-Wiwa, yemwe boma la asilikali linamunyonga mu 1995. Kupopa kunaima, koma mapaipi anatsala: ena akudutsitsabe mafuta ochokera kwina, ena akudyeka ndi dzimbiri, enanso akuboolewa ndi akuba.

Mafuta akatayika, kukonza kwake kunali kopepuka. Antchito ankapalula ndi kutembenuza dothi la pamwamba kuti tizilombo ta m'nthaka timalize mafutawo. Udzu unkamera, ndipo m'mabuku ankalemba kuti malowo akonzedwa. Ankakhulupirira kuti pansi pali dongo lotsekereza mafuta kuti asalowe kwambiri. Ndani akanatsutsa, poti maso amaona zobiriwira?

Kenako kunabwera akatswiri a bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP. Iwo sanakhulupirire udzu. Kwa miyezi 14 anabowola nthaka, kutapa dothi pa kuya kosiyanasiyana, kulitsekera m'mabotolo ndi kulitumiza kokayeza. Anakumbanso zitsime 142 zongoyezera madzi a pansi. Lipoti lawo la mu Ogasiti 2011 linavumbula kuti dongo lija silinayale dera lonse. Pa malo 49 anapeza mafuta atalowa mamita 5 kapena kupitirira. Mwa malo 15 amene kampani inati inakonza, 10 anali oipitsidwabe kudutsa muyezo.

Zoopsa kwambiri zinali ku Nsisioken Ogale, m'dera la Eleme, pafupi ndi paipi ya kampani ya boma ya NNPC. Pamwamba pa madzi a pansi omwe amadzaza zitsime za mabanja pankayandama mafuta okwana masentimita 8 kuchindikala kwake, otsala pa kutayika kwa zaka zoposa 6 m'mbuyomo. M'madzi akumwa munali benzene, mankhwala a m'petulo oyambitsa khansa ya m'magazi, wochuluka koposa ka 900 pa muyezo wa bungwe la zaumoyo la WHO. Ndipo musati anthuwo anali osadziwa. Ambiri ankadziwa kuti madzi aonongeka, koma akanatunga kuti?

Mafuta ndi opepuka kuposa madzi, n'chifukwa chake akalowa pansi amakakhala pamwamba pa madzi a m'nthaka. Mvula ikagwa madziwo amakwera, chilimwe amatsika, ndipo pokwera ndi potsika ponsepo amapaka mafuta m'dothi. Koma benzene amasungunuka n'kuyenda ndi madzi mpaka pachitsime cha munthu wokhala patali, amene sanaonepo dontho la mafuta pakhomo pake. Madzi otere angathe kuoneka oyera mbee, opanda fungo, koma ali ndi poizoni. Thanki yokwiriridwa pansi pa malo omwetsera galimoto ikayamba kudontha, njira yake ndi yomweyi, kungoti zimachitika mwakachetechete. Wogula malo oterowo, kapena wokumba chitsime pafupi nawo, akangoyeza dothi la pamwamba wataya ndalama pachabe.

UNEP inalangiza kuti pazitsime zoipitsidwa paikidwe zikwangwani zochenjeza ndipo mabanja apatsidwe madzi ena msangamsanga. Inatinso kukonza Ogoniland kungatenge zaka 25 mpaka 30, ndipo poyambira pokha pafunika madola 1 biliyoni. Boma la Nigeria linakhazikitsa ntchitoyo mu 2016, patapita zaka 5 lipoti litatuluka.