PHUNZIRO 6: KUIMIKA NSANJA YA MAKINA A MPHEPO

Mu 2002 William Kamkwamba wa ku Wimbe, Kasungu, anaimika makina a mphepo pa nsanja ya mitengo. Nsanja yachitsulo ya makina opopa madzi ndi yolemera koposa, ndipo ikagwa imapha anthu. Tikafuna kuimika yotere kuno ku Rumphi Boma, titsate izi:

1. Konkire ya maziko ikhwime masiku 28.
2. Lumikizani nsanja ili chigonere. Miyendo iwiri muimangirire ku maziko ndi mahinjesi.
3. Kokani ndi chingwe chodutsa pamwamba pa mlongoti, ena atagwira zingwe za m'mbali.
4. Imikani m'mawa kopanda mphepo, kutali ndi mawaya a ESCOM.
5. Wolamula akhale mmodzi. Pansi pa nsanja pasaime munthu.
6. Mangitsani mabawuti onse musanamasule zingwe.

Tikambirane: Kodi m'gulu lathu adzalamula ndani? Nanga adzaletsa ana kuyandikira ndani?