Ma Aldehyde Awiri, Zotsatira Zosiyana

Funso: Aphunzitsi, n'chifukwa chiyani acetaldehyde ndi benzaldehyde zimachita mosiyana zikakumana ndi sodium hydroxide? Kodi zonsezi si ma aldehyde?

Yankho: Ndi ma aldehyde ndithu, koma yang'anani kaboni woyandikana ndi gulu la CHO. Mu acetaldehyde, kaboniyu ali ndi haidrojeni. Hydroxide imachotsa haidrojeniyu, ndipo chotsalacho chimakalumikizana ndi molekyu inzake n'kupanga aldol.

Benzaldehyde ilibe haidrojeni wotereyu. Hydroxide ikachuluka imangokakamira pa carbonyl penipenipo, kenako molekyu imodzi imapatsira inzake hydride. Yoperekayo imasanduka benzoate, yolandirayo benzyl alcohol. Stanislao Cannizzaro wa ku Italy anazindikira zimenezi mu 1853. Formaldehyde nayonso imatero, ndipotu pa kupereka hydride ilibe inzake pakati pa ma aldehyde.